Zala za Mmalawi zisayende mwini wake asakudziwa

Mishoni ya Domasi, imene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anaitsegula mu 1884 m'dera la mfumu Malemia, m'chigwa cha pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndi amodzi mwa malo amene ubale wa Malawi ndi Scotland unazika mizu, ndipo ubalewo, umene maboma awiriwa anausainira pangano mu 2005, ukadali wamoyo m'masukulu, m'zipatala ndi m'mipingo ya Sinodi ya Blantyre. Koma mphunzitsi, m'busa kapena mayi wa Mvano wa ku Domasi akaitanidwa lero kukacheza ndi akhristu anzake ku Edinburgh kapena ku Glasgow, sanganyamuke asanapite ku Lilongwe kukadinda zala zonse khumi pa makina ndi kujambulidwa nkhope, ndipo ngakhale viza imene wapemphayo ikanidwe, zidindo za zala zakezo sizibwerera naye kumudzi. Zimatsala m'manja mwa boma la Britain, limene lili ndi mapangano oziyerekeza ndi zimene zili m'nkhokwe za mayiko ena amene munthuyo sanawapemphe kanthu, ndipo palibe ofesi m'dziko muno imene ingamuuze kumene zafika.

Chimene chikuwoloka malire pamenepa si pepala wamba koma mbali ya thupi la munthu yosandutsidwa manambala. Zizindikiro za thupi, zimene akatswiri amazitchula kuti bayometiriki, ndi zinthu zobadwa nazo zimene zimasiyanitsa munthu mmodzi ndi anthu ena onse, monga mizere ya kunsonga za zala, maonekedwe a nkhope ndi kabwalo kozungulira mboni ya diso. Makina amayeza zinthu zimenezi ndi kuzisunga m'nkhokwe za pa kompyuta, momwe zimatha kufananizidwa ndi za anthu mamiliyoni ambiri m'kanthawi kochepa. Pasipoti ikatayika boma limaifafaniza ndi kupereka ina, nambala yachinsinsi ya ku banki ikadziwika mwini wake amaisintha tsiku lomwelo, koma zala zimene munthu anabadwa nazo ndi zomwezo mpaka imfa, kotero kuti cholakwa chilichonse chimene chamatidwa pa zalazo chimamutsata moyo wake wonse.

Mayiko asanu, Britain, America, Canada, Australia ndi New Zealand, akhala akuyang'anirana zidindo za zala za anthu obwera kuyambira pa mgwirizano wa 2009, ndipo gulu lawo masiku ano limadziwika ndi dzina la Migration 5. Dziko limene lalandira pempho la viza kapena la chitetezo limatumiza zidindo kwa anzake popanda dzina, ndipo zikafanana ndi zimene zili m'nkhokwe ya dziko lina, dzikolo limabweza dzina limene munthuyo anapereka kumeneko, tsiku lobadwa, dziko la pasipoti yake, pamodzi ndi mbiri yosonyeza ngati anakanidwapo viza, anapyola masiku amene anapatsidwa kapena anathamangitsidwa. Poyamba dziko lililonse linkaloledwa kufunsa linzake zidindo 3,000 zokha pa chaka, makamaka za anthu opempha chitetezo, koma ntchitoyi itasiyidwira makina odziyendera okha chiwerengerocho chinakwera kwambiri, moti kafukufuku wa wayilesi ya RNZ ya ku New Zealand mu 2024 anaonetsa kuti mayiko asanuwa akhoza kufunsana kokwana 8 miliyoni pa chaka. Boma la America limasunga zidindo zimene zalowa m'nkhokwe yake yaikulu kwa zaka 75, kutanthauza kuti wachinyamata amene wadinda zala lero adzafa zidindo zake zikadali m'nkhokwemo. Ku Ulaya, mayiko a m'dera la Schengen ali ndi nkhokwe imodzi ya maviza imene imasunga zidindo kwa zaka zisanu, ali ndi ina ya Eurodac imene yakhala ikusunga zala za opempha chitetezo kuyambira 2003 ndipo lamulo la 2024 linatsitsa msinkhu wodindira kuchoka pa zaka 14 kufika pa zaka 6, ndiponso kuyambira pa 12 Okutobala 2025 anayamba kujambula zala ndi nkhope za alendo pa zipata zolowera.

Maboma amenewa amati zonsezi zimachitika munthu atavomera, chifukwa pa fomu pali malo osainira. Kuvomera kumeneku n'kwa dzina chabe. Munthu amene wakana kudinda, pempho lake silionedwa n'komwe. Amene wasaina, wasainira mawu a Chingerezi cha malamulo amene satchula nkhokwe zonse zimene zala zake zikalowemo. Ndipo amene amamudinditsa kawirikawiri si kazembe koma wogwira ntchito ku kampani yolembedwa ganyu, monga VFS Global kapena TLScontact, imene ilibe mphamvu yoyankha chifukwa chimene viza yakanidwira. Boma la Malawi silinakhale nawo pa gome pamene mayiko asanu aja ankagwirizana, ndipo bwalo la milandu la ku Zomba lilibe dzanja lofika ku London kapena ku Washington kukalamula kuti mbiri yolakwika ikonzedwe.

Palibe woganiza bwino amene angatsutse kuti dziko lili ndi ufulu wodziwa amene akulowa m'malire ake, kapena kuti mayiko ayenera kuthandizana pogwira zigawenga ndi ozembetsa anthu. Manda a anthu pafupifupi 30 ochokera ku Ethiopia amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022 ndi umboni wowawa wa zimene zimachitika njira za anthu oyenda zikasiyidwira achifwamba, ndipo mapasipoti a Malawi opezeka m'manja mwa anthu amene si nzika amatsitsa ulemu wa pasipoti ya Mmalawi aliyense woona mtima. Kudinda zala kumathandizadi pa milandu yotere. Koma njira imene inayamba ngati chida chofufuzira anthu ochepa okayikiridwa yasanduka ukonde wokokera aliyense wopempha kuyenda, ndipo mawu amene amamveka kawirikawiri akuti wopanda mlandu saopa amangokhala oona pokhapokha makina ndi mabuku akamanena zoona nthawi zonse.

Makina amalakwitsa, ndipo salakwitsa mofanana kwa anthu onse. Mizere ya zala imafufutika ndi khasu, ndi matope a m'minda ya mpunga ya ku Domasi, ndi maukonde a pa nyanja ya Chilwa ndi kuumba njerwa, kotero kuti zala za mlimi ndi za nkhalamba zimavuta kuwerengeka kuposa za munthu wa mu ofesi. Bungwe la boma la America loyeza miyezo, la NIST, linapeza mu 2019 kuti mapulogalamu ambiri ozindikira nkhope amasokoneza nkhope za anthu a ku Africa kawirikawiri kuposa za azungu, ena mpaka kuchulukitsa ka 10 kapena ka 100. Koma vuto lalikulu kwa Amalawi lili m'mabuku enieniwo. Kulembetsa ana onse obadwa kunakhala kokakamiza m'dziko muno mu 2015, ndipo akuluakulu ambiri a lero tsiku lawo lobadwa linachita kuyerekezedwa: m'kaundula wa ubatizo ku mishoni muli tsiku lina, pa satifiketi ya sukulu pali lina limene mphunzitsi wamkulu analemba kuti mwana asapyole msinkhu wolembera mayeso, ndipo pa chiphaso cha unzika pali lachitatu. Dzina nalonso limasintha, popeza mwana amene anayamba sukulu ndi dzina la amalume ake amene ankamulera, monga zimachitikira pakati pa Ayao ndi Anyanja amene amatsata mbumba ya kuchikazi, akhoza kudzatenga la bambo ake atakula, mayi amatenga la mwamuna wake, ndipo kalembedwe ka dzina limodzi kamasiyana malinga ndi mlembi. Kumudzi zonsezi zimamveka ndipo nyakwawa ikhoza kuzifotokoza mosavuta, koma makina a Migration 5 akaona zala zimodzi zili ndi mayina awiri ndi masiku obadwa awiri amapereka chizindikiro cha chinyengo, ndipo malamulo a Britain amalola kutsekera munthu wopezeka ndi chinyengo kwa zaka khumi. Kalaliki mmodzi akaganiza molakwa pa pempho limodzi, ganizo lakelo limawerengedwa ndi akalaliki a mayiko ena anayi ngati mbiri yotsimikizika.

Anthu a m'chigawo chino si alendo pa nkhani yodinda zala. Ku Transvaal lamulo la 1907 lokakamiza Amwenye kulembetsa ndi zala zonse khumi ndilo linautsa kukana kumene Gandhi anatsogolera, ndipo mu 1952 boma la tsankho la ku South Africa linakhazikitsa chitupa chimene munthu wakuda ankayenera kuyenda nacho, zala zake zitasungidwa ku Pretoria. Amuna a ku Nyasaland amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, amene pambuyo pake anadziwika kuti Theba, ankadinda chala pa kontirakiti, ndipo chidindocho chinkathandiza eni migodi kuzindikira wothawa ntchito ngakhale atasintha dzina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, mpaka ngozi ya ndege ku Francistown mu Epulo 1974, imene inapha Amalawi oposa 70, inachititsa Dr Hastings Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu kwa kanthawi. Mabuku amene ankasungidwa mosamala pofuna kugwira wantchito sanakhale okonzeka chimodzimodzi pomuthandiza, chifukwa ngakhale makampani a migodi ya golide anavomera kupereka ma randi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi m'mapapo ndi chifuwa chachikulu, pa mgwirizano umene khoti linauvomereza mu 2019, udindo wosonyeza kuti munthu anagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti umagwerabe nkhalamba ndi amasiye amene mapepala awo anadyedwa ndi chiswe kalekale.

M'mbiri yomweyi muli chitsanzo chimene atsogoleri a lero ayenera kuchikumbukira. Eni migodi a ku South Africa atapempha kuti Amalawi onse ofuna ntchito aziyezedwa kachilombo ka HIV asananyamuke, boma la Malawi linakana, kulemba anthu kunatha, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo, monga momwe katswiri wa mbiri Wiseman Chijere Chirwa analembera mu 1998. Mtengo wa kukanako unali waukulu ndipo anaulipira ndi mabanja osauka amene ankadalira ndalama za ku migodi, komabe nkhaniyi ikusonyeza kuti boma likhoza kuona thupi la nzika yake ngati chinthu chimene sichiperekedwa kwa aliyense wopempha. Achinyamata a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi akupitabe ku Joni kudzera pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo kuyambira 2014 amene wapyola masiku ake ndi kupitirira mwezi amatsekeredwa zaka zisanu, pamene ogwidwa amadutsa ku malo osungira anthu a Lindela, ku Krugersdorp, asanabwezedwe. Tsiku limene nkhokwe za mayiko a SADC zidzalumikizane ngati za kumpoto kwa dziko lapansi, mbiri ya mnyamata amene anachedwa kubwerera chifukwa abwana sanamulipire idzamudikira pa chipata chilichonse.

Mlandu wa nkhaniyi, komabe, suli kunja kokha, ndipo gawo limene boma la Malawi lili ndi mphamvu zonse palo ndilo lofunika kwambiri. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kutenga zala ndi zithunzi zawo, ndipo ntchitoyo inali yotamandika chifukwa inapatsa anthu akumudzi umboni wa unzika umene sanakhalepo nawo. Kuchokera pamenepo chiphaso cha unzika chalumikizidwa ku kulembetsa mavoti, ku simu khadi, ku akaunti ya ku banki, ku fetereza wotsika mtengo ndi ku pasipoti, kotero kuti amene wafika m'nkhokwe imeneyi wafika pa moyo wonse wa munthu. Mayi wa kwa Malemia amene anaima pa mzere mu 2017 anadinda zala kuti avote ndi kugula fetereza, sanadinde kuti boma lachilendo lizitha kumufufuza. Momwe dziko lino limasungira chuma chotere zinaoneka mu Januwale 2024 pamene makina osindikiza mapasipoti anaima, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena anathyola makinawo ndipo ankafuna dipo. Makinawo anaikidwa pa kontirakiti ya 2019 ya madola 60.8 miliyoni ndi kampani ya Techno Brain, imene boma linaithetsa mu Disembala 2021. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira ndi amalonda anavutika masabata ambiri, ndipo zokamba zambiri zinali pa kuchedwa kwa mabuku a pasipoti, pamene funso lolemera kwambiri linali loti zala ndi nkhope za olembetsa zinali m'manja mwa yani nthawi yonseyo.

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, gawo 39 limamupatsa ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwerera, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, limaika zizindikiro za thupi m'gulu la zinthu zofuna chisamaliro chapadera, limapatsa munthu ufulu woona ndi kukonzetsa zimene zalembedwa za iye, ndiponso limaika malire pa kutumiza mbiri kunja. Kufooka kwake kuli pa mlonda amene anasankhidwa, chifukwa udindo woyang'anira lamuloli unaperekedwa ku MACRA, bungwe limene bodi yake imasankhidwa ndi Pulezidenti ndiponso ndilo linatsogolera kulembetsa masimu khadi mu 2018. Bungwe limene limalamula kusonkhanitsa mbiri za anthu silingakhale woweruza wodalirika pa madandaulo okhudza mbirizo, ndipo n'kovuta kuliyembekezera kuti liimitse nthambi yoona za olowa ndi otuluka kapena unduna wa chitetezo cha m'dziko pamene iwo atchula chitetezo cha dziko ngati chifukwa. Pafunika ofesi yoima payokha, yoyankha ku Nyumba ya Malamulo, yokhala ndi ndalama zake.

Othawa kwawo ndiwo ali pachiswe kuposa onse, ndipo Malawi ali ndi udindo wapadera pa iwo, chifukwa njira ya UNHCR yolembera othawa kwawo ndi zala, maso ndi nkhope inayesedwa koyamba ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumapeto kwa 2013, pa anthu pafupifupi 17,000. Munthu wa m'misasa sangakane kudinda, popeza chakudya chake chimadalira kaundula ameneyo. Bungwe la Human Rights Watch linaulula mu 2021 kuti mbiri za Arohingya zimene UNHCR inasonkhanitsa ku Bangladesh zinaperekedwa ku boma la Myanmar, limene anthuwo analithawa, ambiri a iwo asanamvetse chimene ankavomera, ndipo ku Kenya nzika zikwizikwi za mtundu wa Chisomali zimene zinalembetsa ngati othawa kwawo pofuna chakudya pa nthawi ya chilala zinamanidwa ziphaso za unzika kwa zaka zambiri chifukwa zala zawo zinapezeka m'nkhokwe ya othawa. Dziko limene linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo, limene m'malire ake mitundu, zinenero ndi maukwati n'zimodzi, siliyenera kuganiza kuti zoterezi sizingachitike kuno.

Chikakamizo chotsegula nkhokwe chikubwera. Kuyambira 2022 boma la America lakhala likuuza ngakhale mayiko olemera amene nzika zawo zimalowa popanda viza kuti alole nkhokwe zawo za zala kufunsidwa, ndipo pa 20 Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba amene nzika zawo zopempha viza ya ulendo kapena ya malonda zinayamba kulamulidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, pa ndondomeko yolunjika mayiko amene anthu awo amapyola masiku kapena amene mbiri zawo zofufuzira anthu zimaonedwa ngati zoperewera. Izi zinachitika patangotha chaka ndi theka kuchokera pamene Malawi, mu Febuluwale 2024, anachotsera viza nzika za mayiko 79, kuphatikizapo America ndi Britain. Boma losowa ndalama zakunja, lofuna kutumiza achinyamata kukagwira ntchito kunja monga linachitira ku Israel mu Novembala 2023, lidzayesedwa kuti ligule chifundo cha mayiko amphamvu ndi zala za anthu ake, ndipo malonda otere amachitika mwakachetechete, pa kalata ya mgwirizano pakati pa nthambi ziwiri, aphungu osaiona.

Pali kusiyana pakati pa kupatsa mnansi lichero la chimanga ndi kumulola kukwera yekha m'nkhokwe nthawi iliyonse imene wafuna. Dziko lina likafunsa ngati pasipoti inayake ndi yeniyeni, Malawi akhoza kuyankha kuti inde kapena ayi popanda kutulutsa zidindo, ndipo likafuna zambiri pa mlandu wodziwika, pali njira ya makhoti ndi ya Interpol. Kupyola pamenepo, mgwirizano uliwonse wokhudza nkhokwe ya National Registration Bureau kapena ya mapasipoti, kaya ndi boma lachilendo, bungwe la mayiko kapena kampani yosindikiza, uyenera kuikidwa pamaso pa Nyumba ya Malamulo usanasainidwe, ndipo umene unasainidwa kale uyenera kusindikizidwa, monga momwe lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limalolera nzika kupempha. Funso lililonse lochokera kunja liyenera kulembedwa, kuti munthu akafika ku ofesi ya bwanamkubwa ku Zomba athe kuuzidwa m'Chichewa kapena m'Chiyao amene anafunsa za iye, tsiku lake ndi yankho limene linaperekedwa. Ndipo pamene wakanidwa viza chifukwa cha mayina awiri kapena masiku obadwa osiyana, National Registration Bureau iyenera kumupatsa kalata yovomerezeka yofotokoza gwero la kusiyanako, imene akazembe a Malawi ku London, ku Washington ndi ku Pretoria angaime nayo pofunsa kuti mbiri yake ikonzedwe m'dziko limene linalakwitsa ndi m'mayiko onse amene linawagawira.